Chitsa Choyatsa Mwini Nyumba

M'mawa wa tsiku limenelo Abambo analowetsa chitsa m'nyumba. Chinali cha muwanga. Anachizula okha m'munda mvula isanayambe, ndipo miyezi yonseyo chinakhala kuseri kwa nyumba chikuuma. Anachigubuduza mpaka pakhomo, anachinyamula akubuula, n'kuchikhazika pakati pa nyumba, pamene dothi linada kale ndi moto wa zaka za m'mbuyo. Anapukutira manja pa kabudula. "Madzulo ano tiyatsa," anatero.

Inu obadwa nkhondo itatha mwina moto umenewu simuudziwa. Kwathu ku Angoniya, tsidya ilo la msewu, tinali ndi moto wa mitundu iwiri. Wa kukhitchini unali wa Amayi, ndipo unkayaka tsiku lililonse. Wa m'nyumba yogona unali wowotha basi. Sitinkaphikapo kanthu, kupatula mbatata imene ndinkakwirira m'phulusa mobisa. Unkayatsidwa kamodzi pa chaka, chisanu chikafika, ndipo sunkazima mpaka mphepo ya Ogasiti itatha. Woyatsa anali mwini nyumba.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ine chinali tsikulo. Ankalidziwa bwanji? Kalendala tinalibe. Oyandikana nafe ankayatsa msanga, chimanga chikadali chiimire m'munda, ife tikunjenjemera pamphasa. Ukadandaula, Abambo ankati thupi likazolowera moto msanga limachita ulesi, ndipo Juni akafika limakugwetsa. Ankatinso chitsa chikafulumira kuyaka chimatha chisanu chikadali pakati. Zimenezo ndinkazimvetsa. Koma chifukwa chiyani lero, osati dzulo kapena mawa?

Ndinkafunsa chaka ndi chaka, ndipo yankho linkasintha. Chaka china anati amaonera mpweya wa ng'ombe m'mawa. Chaka china anati limawauza ndi bondo lawo lamanzere. Ankayankha akumwetulira, ndiye ndinkadziwa kuti akungondiseweretsa. Amayi ankanditcha aNamafunso. Ankati ine ngakhale tsiku la maliro anga ndidzadzuka kufunsa adzukulu kuti khasu abwereka kwa yani.

Chaka chimenecho ndinaganiza zowazonda. Ndinali mtsikana wosatha msinkhu, dzina langa Lusiya. Akadzuka ndinkadzukanso, n'kuwatsatira kukhola chapatali. Akagwira udzu, inenso ndinkagwira. Akayang'ana kuphiri, inenso ndinkayang'ana. Akamwa madzi a mumtsuko, ndinkamwa pambuyo pawo kuti ndimve ngati akulasa mano. M'mawa umene analowetsa chitsawo sindinaone chosiyana ndi dzulo lake. Mame anali omwewo, nkhungu yomweyo. Lero ndili ndi imvi, koma chimene anaona sindikuchidziwabe.

Ana m'nyumbamo tinalipo awiri, ine ndi mlongo wanga Zuze. Pakati pathu panabadwa ena koma sanakhalitse. Zuze anali atangoyamba kukwawa. Anali ndi kachifuwa kouma, kosadetsa nkhawa. Ndinamuonetsa chitsacho n'kumuuza kuti lero agona mofunda. Iye anachinyambita.

Dzuwa lili pamutu, ine ndi Amayi tinali kututa chimanga kuchoka pamkukwe kupita kunkhokwe. Phokoso linachokera cha kusitolo. Linali ngati munthu akuponda mapesi ouma, koma mosalekeza. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Amayi anatula dengu pang'onopang'ono, kusamala kuti chimanga chisatayike, n'kulikhazika bwinobwino pansi.

Za nkhondo tinkamva. Inali m'midzi ina, ndipo anthu ankadutsa pakwathu atasenza mphasa, osafuna kuima. Ife tinkangoti anthu a mfuti. Kaya anali a mbali iti amene anabwera tsiku limenelo, sitinafunse, ndipo palibe anatsala kuti atiuze.

Abambo anatulukira akuthamanga kuchokera kudimba, khasu likadali m'manja. Anauza Amayi kuti, "Tengani ana mupite kwa Nangozo ku Mlangeni. Ine nditsegulire ng'ombe, ndikupezani." ANangozo anali mlongo wawo, azakhali anga, okwatiwa ku Malawi. Abambo anatola Zuze pansi n'kundibereketsa okha. Anali asanamangepo mbereko chibadwire. Mfundo yake inali yolakwika, ndipo Amayi anaimasula n'kumanganso. Pamene ndinkatembenuka, iwo anali atafika kale pakhomo la khola, akusolola mipiringidzo.

Amayi anatenga bulangete limodzi, poto, kathumba ka ufa ndi machesi. Ine sindinatenge kanthu. Kapena ndinene kuti ndinatenga chimanga chimodzi, chifukwa ndinachipeza m'dzanja langa titafika kale kuphiri. Zala zinali zitauma pochigwira.

Tili pamwamba tinacheuka. Sindinkadziwa kuti utsi umasiyana chotero. Wa denga la udzu ndi woyera, umakwera msanga n'kutha. Wa nkhokwe ndi wakuda, wolemera, umayenda chapansi. Mphepo inatibweretsera fungo la chimanga chootcha, ndipo ndinamva njala. Ndikunena zoona, mudzi ukupsa ine malovu anadzaza m'kamwa. Nyumba yathu ndinaizindikira ndi mitengo ya mapichesi ya kumbuyo kwake. Denga linali litagwera kale m'kati.

Ndinaganiza za chitsa. Chinayakadi tsiku limene Abambo ananena, koma masana, ndipo woyatsa anali mlendo. Ndinayamba kudzifunsa kuti chikhala chikuyaka mpaka liti popanda wochisonkhezera. Kudambo ndinaona ng'ombe zikuthamanga, munthu mmodzi ali pambuyo pake. Kunali kutali. Amayi anati ndi iwo. Ine ndinayang'anitsitsa mpaka maso anawawa, koma sindikanatha kulumbira.

Chakumadzulo tinatsikira m'khwawa lina m'mene munali anthu ambiri a m'midzi yoyandikana. Dzuwa litangobisika kuphiri, kuzizira kunatsika nthawi yomweyo. Mayi wina anatola tinkhuni n'kutiunjika kuti aphikire mwana wake phala. Mkulu wina wovala jekete long'ambika paphewa anabwera n'kupondapo. Sanakalipe. Anati, "Mayi, mukayatsa pano mwatipha tonse." Mayiyo anakhala akuyang'ana tinkhunito, poto ali pamiyendo. Kuyambira pamenepo mpaka kumalire palibe anakhwatcha machesi.

Amayi ananditumiza kuthanthwe limene linawombedwa dzuwa tsiku lonse, kuti ndikatole miyala yaphanthi. Inali yofunda. Ndinkaiyesa patsaya umodziumodzi. Ndinapeza kuti yakuda imasunga kutentha kuposa yoyera, ndipo ndinakondwa nazo ngati ndatola chinthu. Ndinathamangira kukauza Amayi. Iwo anangoti, "Bweretsa kuno." Anaikulunga m'chitenje n'kuiika kumapazi kwa Zuze. Mdima usanagwire bwino, miyalayo inali itazizira.

Tinamugoneka pakati pathu, bulangete pamwamba. Kutacha udzu wonse wa m'khwawamo unali woyera ndi chisanu. Bulangete linali litauma gwa m'mphepete. Zuze anatsokomola, ndipo chifuwa chija chinali chitasintha. Tsopano chinkachokera pansi, chonyowa. Amayi anasungunula ufa m'madzi ozizira, tinamwa. Zuze anayamwa pang'ono n'kusiya.

Tinkayenda mopewa njira zikuluzikulu, kudutsa m'minda yosakolola. Pamphambano iliyonse Amayi ankathyola kanthambi n'kukagoneka chopingasa njira imene sitinalowe. Kwathu timatero kuti wobwera m'mbuyo asasochere. Mkulu wa jekete uja anawaletsa. Anati anthu a mfuti nawonso anabadwira m'midzi, chizindikirocho amachidziwa. Amayi anavomera ndi mutu. Kuyambira pamenepo ankatsalira pambuyo ngati akukonza katundu, n'kugwetsa kanthambi ndi chala cha kuphazi.

Tinadutsa mudzi wina wopanda munthu. Zitseko zinali pululu. Mbuzi ina inali yomangidwabe pamtengo, itadya udzu wonse wozungulira mpaka dothi. Amayi anaimasula. M'khitchini ina ndinapisa dzanja m'phulusa, kungofuna kudziwa kuti eni ake anachoka liti. Linali lofunda. Ndinafukula ndi kamtengo ndipo ndinapeza khala limodzi lofiira. Amayi anamasula Zuze n'kumugwira mapazi ali pamwamba pa phulusalo. Ndinapempha kuti ndiuzire kamodzi kokha, pang'ono chabe, popanda utsi. Amayi anayang'ana khalalo nthawi yaitali. Kenako analikwirira ndi dzanja lawo, n'kundiuza kuti ndiwerame andibereketse.

Malire ndinkangowamva. Ndinkaganiza kuti ndi khoma, kapena mtsinje waukulu, kapena waya waminga. Titatuluka m'munda wa mbatata ya kachewere tinangoona msewu wa tala. Mkulu wa jekete anati uko ndi ku Malawi. Ndinafunsa kuti kuti. Analoza tsidya lina la msewuwo, pamene panali mtengo wa bulugama ndi galu atagona. Tala ndinali ndisanamupondepo. Anali wofunda kumapazi, ndipo ndinaima pakati mpaka Amayi anandikoka chifukwa kunkabwera lole.

Tinatulukira pa Lizulu tsiku la msika. Kachewere anali milumilu, kabichi, anyezi, tomato. Anthu ankatsatsa malonda, ena akuseka. Koma ine maso anga anali pa utsi. Unkafuka paliponse, pa ootcha chimanga, pa ophika tiyi, ukukwera poyera popanda woupondereza. Ndinafuna kuwauza kuti azimitse, atipha tonse. Mayi wina wogulitsa tiyi anatiyang'ana mapazi, n'kutipatsa kapu osafunsa kanthu. "Mumwetseni mwanayo kaye," anatero. Ndinadabwa kuti anthu a dziko lina akulankhula ngati ife.

Ku Mlangeni tinafika tikufunsira. Azakhali aNangozo tinawapeza akupeta nyemba pakhonde. Ndinali ndisanawaonepo, koma sindinafunse. Inali nkhope ya Abambo yeniyeni, kungoti yavala duku. Anaimirira, nyemba zinatayika. Anatikumbatira, koma maso awo anali kumbuyo kwathu, kumsewu.

"Nanga mlongo wanga?"

"Akubwera ndi ng'ombe," anatero Amayi.

M'nyumba ya azakhali munali modzaza kale. Abale a amuna awo anali atathawiranso komweko, ndipo ana awo anali ndi chikuku. Azakhali anati Zuze asayandikireko ngakhale pakhomo. Khitchini inali chisakasa chopanda zipupa, mphepo inkangodutsa. Ife anatipatsa kanyumba ka mwana wawo wamwamuna amene anali ku Blantyre. Kanali kabwino, kozira bwino, ka chitseko cha matabwa. Koma Mlangeni ndi pamtunda, ndipo kuzizira kwa kumeneko kumatuluka pansi. Ukagona pamphasa umakumva m'nthiti.

Amuna a azakhali anali munthu wachifundo, wosalankhulalankhula. Atamva kutsokomola kwa Zuze, anabwera ndi chitsa pa wilibala n'kuchikhazika pakati pa kanyumbako. Anatulutsa machesi m'thumba. Amayi anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo alamu. Chisiyeni choncho, ayatsa eni ake akafika."

Bamboyo anayang'ana mwanayo, anayang'ana Amayi. Anabweza machesi m'thumba n'kutuluka.

Ine sindinamvetse. Ndinatsatira azakhali kumjigo n'kuwafunsa. Anandiuza akupopa madzi. Anati mkazi amene amayatsa yekha chitsa cha chisanu ndi amene mwamuna wake anamuika m'manda. Mwamuna wina akayatsa, ndiye kuti nyumbayo wailowa. Mwana akayatsa, ndiye kuti ndi wamasiye. Ndinakumbukira mayi wina wa kwathu amene ankayatsa yekha, ndipo zoonadi anali namfedwa. Ine ndi mafunso anga onse aja, limeneli ndinali ndisanafunsepo. Ndinati nanga amuna opita ku Joni, akazi awo ankagona pozizira zaka zonsezo? Azakhali anati amenewo ankasiya mawu, kuti uje adzayatse m'malo mwanga. Abambo sanasiye mawu. Anangoti ndikupezani.

Ndiye ndinayamba kufufuza kuti lamuloli limathera pati. Ndinabweretsa njerwa yotenthetsa kukhitchini, nditaikulunga m'chiguduli. Amayi analola. Ndinabweretsa botolo la madzi otentha. Analola. Ndinafunsa ngati nyali ya koloboyi ndi moto. Anati ndi nyali, ndipo tinaiyatsa. Ndinatenga makala ofiira m'mbale yakale n'kuima nawo pakhomo. Ndinati awa si chitsa, ndi makala chabe, ndipo ayatsidwa kwina. Amayi anati, "Bwerera nawo." Ndinafunsa kuti nanga ndikawaika panja penipeni pa chitseko, chitsekocho n'kuchisiya chotsekula? Anati ndiye kulowa mphepo, aNamafunso inu. Tsiku limenelo anaseka pang'ono. Njerwa zinkazizira msanga, ndipo Zuze ankapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati.

Tinapita naye kuchipatala pa Boma la Ntcheu. Anati ndi chibayo. Anatigoneka, anamubaya majekeseni, ndipo anayamba kupeza bwino. Anayambanso kuyamwa, anandikokanso tsitsi. Potitulutsa, namwino anauza Amayi kuti mwanayu asagonenso pozizira, chifukwa chibayo chikabwereza sichichedwa. Amayi anati amva. Tinabwerera ku Mlangeni Juni atalowa. Chitsa chinali pomwe chinali, ndipo nkhuku inali itaikira dzira kuseri kwake.

Tsiku lililonse ndinkapita kumsewu. Anthu ankaolokabe, ena ndi mbuzi, ena ndi zitseko pamutu. Ndinkawafunsa za Abambo. Ndinkafotokoza kutalika kwawo, chipsera cha pachibwano, ng'ombe ya nyanga imodzi. Wina anati ng'ombe yoteroyo anaiona ikuyenda yokha m'dambo. Wina anati amuna a m'mudzi mwathu anawagwira n'kuwasenzetsa matumba kulowera kumadzulo. Wina anati ayi, anaona mitembo pafupi ndi khola lina, koma sanayandikire. Zonsezi ndinkakawauza Amayi mmene ndazimvera. Iwo ankasankhapo za matumbazo. Ankati wosenza katundu amatula tsiku lina n'kubwerera kwawo.

Chifuwa cha Zuze chinabwerera. Masiku amenewo Amayi ndinawada, ndikunena poyera. Ndinkawaona akumufungatira Zuze m'kati mwa bulauzi, akumupumira m'khosi, iwo eni milomo itachita kuda ndi kuzizira. Chitsa chili pomwepo, chouma, machesi ali patsindwi. Madzulo ena ndinalephera kupirira. Ndinaima pakati pa nyumba n'kunena mawu amene mwana sanena kwa make.

"Kodi mukufuna Zuze afe?"

Ndinayembekeza mbama. Sanandimenye. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu.

"Nanga iwe ukufuna atate ako afe?"

Ndinatuluka n'kukatenthetsa njerwa ina.

M'mawa wina kunagwa chisanu choopsa. Masamba a kachewere m'munda wa azakhali anapsa, anachita bii. Madzi otsala m'beseni panja anagwira kachikhungu pamwamba, ndipo ndinakaswa ndi chala. Nditalowa m'nyumba ndinapeza Amayi akumupatsa Zuze bere, iye osaligwira. Sankaliranso. Maso anali otseka theka, ndipo pakati pa mpweya ndi mpweya pankakhala kanthawi kamene ndinkaganiza kuti wasiya.

Ndinathamangira kwa azakhali. Anabwera osavala nsapato. Anagwada, anapisa dzanja m'bulangete n'kugwira mapazi a mwanayo. Anatuma amuna awo kuti akasake galimoto kumsewu, ngakhale tonse tinkadziwa kuti nthawi imeneyo magalimoto ankadutsa mwa apo ndi apo. Kenako anakhala pansi moyang'anizana ndi Amayi, mawondo awo akukhudzana.

"Mlamu, munthu amene mukumudikirayo ndinayamwa naye bere limodzi. Inenso ndimadzuka n'kuyang'ana kumsewu. Koma ndikulankhula ngati wa kwawo. Akabwera n'kupeza chitsa chosayatsa, mwana ali kumanda, mudzamuuza chiyani?"

Amayi anati, "Ndikayatsa ndamuika."

"Mlanduwo ukhale wanga," anatero azakhali. "Akadzabwera adzakalipire ine."

Kunja tambala ankalira, wina ankasesa pabwalo. Amayi anayang'ana Zuze, anamupukuta pamphuno ndi nsonga ya chitenje. Kenako anamupereka kwa azakhali.

"Lusiya, katenge moto kukhitchini."

Ndinabwera nawo paphale. Ndinaganiza kuti andiuza kuti ndiike ndine, kapena apempha azakhali. Koma Amayi analandira phalelo okha. Anasolola udzu pang'ono kudenga, anathyola tinkhuni, anatiyala pansi pa chitsa kumbali imene chinang'aluka. Anakhuthulira makala pamenepo. Anagwada, anatsamira zigongono, n'kuuzira. Sunagwire msanga. Anauziranso, nkhope ili pafupi ndi dothi. Lawi linatuluka laling'ono, linakwera m'mng'alu muja, ndipo chitsa chinayamba kuthetheka.

Azakhali anasendera pafupi ndi mwanayo. Anamufunyulula miyendo n'kuitikita. Tinakhala tikumuyang'ana. Kanyumbako kanayamba kufunda, zipupa zinasiya kuzizira kumsana. Patapita nthawi Zuze anayetsemula. Anakwinya nkhope n'kulira, kulira kwenikweni kokwiya. Amayi anamutenga, ndipo analigwira bere.

Atagona, Amayi anamugoneka pamphasa pafupi ndi moto. Anakonza bulangete. Kenako anamasula duku kumutu kwawo, analipinda, analiika pambali.

"Mlamu, lezala muli nalo?"

Azakhali anapita kunyumba kwawo nabwera ndi lezala, sopo ndi madzi ofunda. Anawameta Amayi pomwepo, kuyambira pachipumi. Panalibe mtembo, panalibe nyimbo, panalibe wobwera kudzakhuza. Azakhali ankalira mosatulutsa mawu, ndipo kangapo anaima kuti apukute maso asawacheke. Amayi anakhala chowongoka, manja pamiyendo. Atatha, azakhali anatsuka lezalalo n'kundiitana. Ndinagwada. Sindinafunse kanthu.

Zuze sanametedwe. Azakhali anati mutu wake usazizidwe. Galimoto inapezeka masana, tinapitanso naye pa Boma, ndipo pobwerera anagona m'nyumba yofunda mpaka chisanu chinatha. Lero ndi bambo wa ana ake, amapalasa kabaza pa Ntcheu, ndipo sakumbukira chilichonse. Nkhondo itatha ambiri anaoloka msewu kubwerera kwawo. Ife tinatsala. Manda a Amayi ali ku Mlangeni, pafupi ndi a azakhali, ndipo ndimakalambulako chaka ndi chaka. A Abambo palibe anatilozera.